Kodi Kochi Akagonja Ndiye Kuti Walakwa?

Kudandaula kwa masapota ndi mphunzitsi wa timu yawo kumabwera motsatizana mofanana pafupifupi kulikonse. Timu ikagonja kamodzi, mlandu umapita kwa woyimbira masewero. Ikagonja kachiwiri, anthu amaloza goloboyi kapena wosewera amene waphonya penate. Ikafika pogonja kachitatu, mawu amatsala amodzi okha: kochi achoke. M'boma la Chiradzulu mawu amenewa amamveka kawirikawiri, chifukwa bomali lili khomo ndi khomo ndi Blantyre, kwawo kwa Bullets ndi Wanderers. Pa Njuli, pa Mbulumbuzi, pa Namadzi ndi ku Namitambo, anthu ambiri ndi a Maule kapena a Manoma, ndipo ena amakwera minibasi kukaonera okha masewero pa Kamuzu Stadium. Otsala amamvera pa wailesi, kapena amadzaza m'nyumba zoonetsera mpira wa ku England, kumene makochi a Arsenal ndi Manchester United amazengedwanso milandu ngati kuti amakhala mudzi woyandikana nawo.

Pansi pa phokosoli pali funso lakale limene zipembedzo ndi anthu oganiza mozama akhala akulimbana nalo: kodi ndi chilungamo kuweruza munthu potengera zotsatira za ntchito imene siili yonse m'manja mwake? Kugonja ndi chinthu china, kulakwa ndi chinthu chinanso. Munthu amalakwa pamene anali ndi mphamvu yochita bwino koma sanachite. Kugonja kumatha kumupeza ngakhale amene wachita zonse zoyenera.

Zimene zili m'manja mwa kochi n'zodziwika. Iye ndi amene amakonza zokonzekera za m'kati mwa sabata, amasankha osewera 11 oyamba, amaganiza kaseweredwe koyenera mdani wa tsikulo, amasintha osewera masewero ali m'kati, ndipo amasunga mwambo m'timu. Akamasankha mokondera, akamaumirira njira imene yakanika kangapo, kapena osewera akasiya kumumvera, mlandu ndi wake ndithu. Koma si iye amene amalipira malipiro. Si iye amene amagamula kuti wosewera wodalirika agulitsidwe kunja pakati pa chaka, ndipo sangaletse bondo la womwetsa zigoli kuvulala. Mpira ndi masewero a zigoli zochepa, kotero kuti chinthu chaching'ono, monga mpira kugunda mtengo n'kubwerera m'malo molowa, chimatha kusintha zotsatira za tsiku lonse. Mu ligi ya matimu 16, momwe timu iliyonse imasewera masewero 30, zochitika zotere zitatu kapena zinayi zokha zimatha kusiyanitsa wotenga chikho ndi wachitatu.

Mbiri ya Flames imaonetsa bwino kuvuta kwa kugawa ulemu ndi mlandu. Kinnah Phiri anatenga timu ya dziko mu 2008, chaka chomwecho n'kugonjetsa Egypt 1-0 mu Blantyre. Anapita nayo ku mpikisano wa Africa Cup of Nations wa 2010 ku Angola, kumene inathira Algeria zigoli 3 kwa 0. Mu 2013 munthu yemweyo anachotsedwa ntchito. Nzeru zake za mpira sizinathe m'zaka zitatu zimenezo. Zimene zinasintha ndi zotsatira komanso mtima wa anthu. Nkhani ya ku Cameroon mu Januwale 2022 ndi yovuta kuposa pamenepa. Amene anapititsa timu kumpikisanowo anali Meke Mwase, koma utsogoleri wake unapatsidwa kwa Mario Marinica wa ku Romania mpikisano utayandikira. Marinica atadwala Covid-19, Mwase ndi amene anakhala pa benchi pamene Malawi inagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango. Marinica atabwerera, timu inafanana mphamvu ndi Senegal 0-0, inalowa m'ndime ya matimu 16 kwa nthawi yoyamba, kenaka n'kugonja 2-1 kwa Morocco. Palibe amene angagawe chipambano chimenecho n'kunena motsimikiza kuti gawo ili ndi la uyu, ilo ndi la uyo. Ngati ulemu uli wovuta chotere kuugawa, mlandu nawonso suyenera kugamulidwa mofulumira.

Komabe kochi ndi amene amayamba kuchoka, ndipo chifukwa chake si chobisika. Osewera ndi ambiri, sangachotsedwe onse tsiku limodzi. Eni ake a timu ndi akuluakulu oyendetsa zinthu sangadzichotse okha. Masapota ndiye sachoka n'komwe, popeza munthu amabadwira m'timu n'kukalamba nayo. Kochi yekha ndiye ali ngati mkamwini m'mudzi wa chikamwini, monga ilili midzi yambiri ya ku Chiradzulu: amalima munda umene si wake, zokolola zikachuluka mbumba yonse imadya, zikachepa amauzidwa kuti anyamule bulangete lake abwerere kwawo, ngakhale kuti mvula ndi imene inavuta.

Baibulo limaudziwa mchitidwe umenewu. Pa Levitiko 16 pali mwambo wa Tsiku la Chitetezero, pamene mkulu wa ansembe ankasanjika manja pamutu pa mbuzi yamoyo, kuulula zolakwa za mtundu wonse, kenaka mbuziyo n'kuperekezedwa kuchipululu. Mbuziyo siinali yolakwa, ndipo onse ankadziwa zimenezo. Tanthauzo la mwambowo linali loti anthu avomereze kuti zolakwazo ndi zawo. Choopsa chimabwera pamene anthu achita zomwezo kwa munthu mnzawo, koma iwo n'kukhulupirira kuti iyeyo ndiyedi gwero la mavuto onse. Pamenepo palibenso kulapa, pali kudzipeputsa mtima chabe. Pa Yohane 11, Kayafa analankhula maganizo otere pamene anauza anzake kuti imfa ya munthu mmodzi ingapulumutse mtundu. Nkhani ya Yona ndi yosiyana, ndipo kusiyanako n'kofunika: Yona anaponyedwa m'nyanja atavomera yekha kuti namondweyo anabwera chifukwa cha iye, ndiponso amalinyero atayamba ayesetsa kupalasa kuti afike kumtunda. Choncho funso loyamba kwa akuluakulu a timu iliyonse ndi lakuti, kodi amene akufuna kumuchotsayo ndi Yona kapena ndi mbuzi ija? Matimu ambiri amene achedwetsa malipiro a osewera miyezi ingapo amachotsa kochi kuti anthu aiwale za malipirowo.

Izi sizitanthauza kuti masapota azikhala chete. Dandaulo lawo lili ndi maziko. Munthu wa ku Chiradzulu amene amagulitsa tomato kapena kuyendetsa kabaza, akatapa ndalama yoyendera ndi yolowera pageti, wapereka chinthu chimene banja lake likanadya. Wapereka ndi mtima wake womwe, pakuti timu yake ikagonja, ndi iye amene amasekedwa ndi neba sabata yonse. Ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake wosewera wina sakuseweretsedwa. Udindo umayendera limodzi ndi kufunsidwa, ndipo akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Fanizo la matalente pa Mateyu 25 limanena zomwezo: amene wapatsidwa chuma cha mwini wake adzafotokoza chimene wachita nacho, ndipo amene anachikwirira pansi chifukwa cha mantha analandidwa. Asilamu, amene ndi ochuluka m'madera ena a bomali, amaphunzitsa kuti udindo ndi chinthu chosungitsidwa, chimene wochisunga adzayankhapo. Kochi amene amalandira malipiro ndi ulemu timu ikapambana sangakane mafunso ikagonja. Koma m'fanizo lomwelo muli mfundo imene imaiwalika: aliyense anafunsidwa molingana ndi zimene anapatsidwa. Wolandira matalente awiri sanafunsidwe phindu la asanu. Kochi wa timu yopanda ndalama zogulira osewera sayenera kuyezedwa ndi muyeso wa timu imene ili ndi kampani yaikulu kumbuyo kwake.

Chovuta kwambiri ndi nthawi. Kodi anthu adikire mpaka liti? Fanizo la mkuyu wosabala pa Luka 13 limapereka yankho limene lili ndi mbali ziwiri. Mwini munda anafuna kuudula mtengowo atadikira zaka zitatu osapeza chipatso. Wosamalira munda anapempha chaka chimodzi chokha, ndipo analonjeza kuukumbira ndi kuuthira manyowa. Ukadzapanda kubala, udzadulidwe. Kuleza mtima kwa m'fanizoli kuli ndi malire odziwika, ndiponso kuli ndi ntchito m'kati mwake. Kupatsa kochi nthawi koma osamupatsa osewera, bwalo lokonzekerera ndi malipiro a panthawi yake ndi kungochedwetsa tsiku lomuchotsa.

Amene amakonda kuleza mtima amatchula Alex Ferguson, yemwe anafika ku Manchester United mu 1986 koma chikho choyamba anachitenga mu 1990, masapota ambiri atatopa naye kale, kenaka anakhala mpaka 2013. Amatchulanso Claudio Ranieri, amene anapatsa Leicester City ligi mu 2016 n'kuchotsedwa mu Febuluwale 2017, monga chitsanzo cha kusayamika. Koma kuno kwathu kuli chitsanzo cha mbali inayo. Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe anabwera ku Bullets chakumapeto kwa 2018, timu itasintha makochi chaka chili m'kati ngakhale kuti inali pamwamba pa ligi. Anatenga ligi kasanu motsatizana, ndipo mu 2023 anasesa zikho zonse zinayi zikuluzikulu. Kusintha kumeneko kunapindula. Tsono palibe lamulo limodzi loti kusunga kochi n'kwabwino nthawi zonse kapena kuti kumuchotsa n'koipa nthawi zonse. Chimene chingaonedwe pa nkhani ya Pasuwa n'chakuti atangofika anasiyidwa kugwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, pansi pa eni ake okhazikika, pamene Wanderers, imene inatenga ligi mu 2017, inadutsa m'manja mwa makochi angapo m'zaka zotsatira, kuphatikizapo Mark Harrison ndi Nsanzurwimo Ramadhan, uku neba akungotola zikho. Mu 2024 ligi inapita ku Silver Strikers pansi pa Peter Mponda, munthu amene anakhala zaka zingapo akuthandizira Pasuwa ku Bullets.

Pali chinyengo china chimene chimalimbikitsa masapota kufuula kuti achoke. Kochi watsopano akafika, kawirikawiri timu imapambana masewero awiri kapena atatu oyamba, ndipo anthu amati vuto lapezeka. Koma kochi amachotsedwa pamene timu yafika pansi penipeni, pomwe tsoka, kuvulala kwa osewera ndi adani amphamvu zakumana nthawi imodzi. Kuchoka pamenepo zinthu zimayenera kusinthako ngakhale pakanapanda kusintha munthu. Wobwerayo amalandira ulemu wa kusintha kumene kukanabwera kale. Mtima wofuna chifukwa chimodzi chooneka ndi maso ndi womwewo umene umachititsa ena kukhulupirira kuti timu yagonja chifukwa adani anakwirira mankhwala pagolo. Munthu amavutika kuvomera kuti zinthu zina zimangochitika, ndiponso kuti zina zili ndi zifukwa zambiri zolukanalukana.

Chimene chimasiyanitsa kuchotsa kolungama ndi kopanda chilungamo ndi njira yake. Pabwalo la mfumu, kwa Kadewere, kwa Likoswe kapena kwa Mpama, mlandu sugamulidwa woimbidwa mlandu asanalankhule. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, limafunanso zomwezo: pakhale chifukwa chomveka chokhudza luso kapena khalidwe la wantchito, ndipo apatsidwe mpata wodziteteza. Pa mpira izi zikutanthauza kuti pachiyambi pa chaka kochi ndi akuluakulu agwirizane chimene akufuna, kaya ndi chikho, kaya ndi kusatuluka mu ligi, kaya ndi kukuza achinyamata, ndipo adzayezedwe pa chimenecho. Zikutanthauzanso kuti chigamulo chisapangidwe madzulo a tsiku limene timu yagonja kwa neba, mitima ili yotentha. Komiti ya masapota ili ndi malo ake: kutengera madandaulo kwa akuluakulu ndi kufunsa mafunso, kuphatikizapo mafunso okhudza akuluakuluwo. Kutsekereza kochi pageti, kumutukwana pamaso pa ana ake kapena kumuopseza kulibe malo m'chipembedzo chilichonse, ndipo kumachotsa mphamvu ngakhale dandaulo limene linali loona.

Mfundo zimenezi zimagwiranso ntchito m'matimu ang'onoang'ono a m'midzi ndi m'masukulu, amene amapikisana m'mabonanza pa mabwalo a fumbi a ku Nguludi, ku Mbombwe kapena kwa Nkalo. Kumeneko kochi nthawi zambiri ndi mphunzitsi wa pasukulu kapena wosewera wakale wosalandira kanthu, amene nthawi zina amagula mpira ndi ndalama zake. Amene akumukuwiza Loweruka ndi omwewo amene adzakhale naye pa benchi imodzi kutchalitchi kapena mzere umodzi kumzikiti, ndipo adzakumba naye manda pakagwa zovuta. Kumusintha n'kololedwa, ndipo nthawi zina n'koyenera, ngati wina angathe kuposa iye. Koma auzidwe pamaso, pamsonkhano wa timu, ndipo athokozedwe pa zimene wachita.

Kumatimu akuluakulu, kunyalanyaza njira imeneyi kuli ndi mtengo wake wa ndalama. Meke Mwase atachotsedwa, anatengera nkhani yake ku khoti loona za ntchito, ndipo khotilo linagamula kuti bungwe loyendetsa mpira la FAM silinamuchotse mwachilungamo ndipo liyenera kumulipira chipukuta misozi.