Nyumba za ku Joni zikusowa mthunzi

Ana anga, mukayenda kuchokera pa Jenda, kudzera ku Embangweni mpaka kukafika pa boma la Mzimba, maso anu adzakhuta nyumba zamalata zonyezimira zimene anyamata athu amanga ndi thukuta la ku Joni, ndipo ine ndikaziona ndimayamika, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma taimani pakhomo pa imodzi mwa nyumbazo dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Bwalo lasesedwa kuti mbee, palibe mtengo ndi umodzi womwe, mwini wake wathawa chipinda chimene anachivutikira zaka zambiri, wanyamula kampando kukapempha mthunzi pansi pa mango a mnansi yemwe uja ankamuona wotsalira.

Misuku ndi miwanga imene inali pamalopo inathera mu uvuni wa njerwa, ina ya m'nkhalango ya Perekezi inatulukamo ili m'matumba a makala. Boma lomwe linaona, n'kuletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu mu 2018.

Ku Milan, m'dziko la Italy, mu 2014 anatsiriza nyumba ziwiri zazitali zotchedwa Bosco Verticale, zosenza mitengo mazanamazana m'makonde mwake kuti izitchinga dzuwa ndi kugwira fumbi, ndipo anthu amachoka kutali kukaziona. Agogo anu ankachita zofanana opanda pulani: mphonda ndi maungu zinkayanga padenga laudzu, mpanda unali wa nkhadze wamoyo, mlendo ankalandiridwa pansi pa mtengo. Inu mumati tsobola wakale sawawa, komatu mawu a akulu amakoma akagonera.

Sindikuti mukayale maungu pamalata ayi, chinyezi chidzabala dzimbiri, ndipo walira mvula walira matope. Imikani thandala motalikirako pang'ono ndi khoma lakumadzulo, lomwe limamwa dzuwa lamadzulo, magalagadeya ayangepo, mudzadye zipatso zake mutakhala pozizira. Mango ndi mapeyala muwabzale patali ndithu kuti mizu isang'ambe maziko, madzi otsukira mbale azithera patsinde pake, udzu wa pabwalo muziusenga m'malo moupala, mukatero ngakhale njoka imasowa pobisala.

Mutu umodzi susenza denga. A khonsolo ya M'mbelwa, povomereza pulani ya nyumba kapena sitolo pa boma, muzifunsanso pamene padzakhale mtengo. Ndipo inu muli ku Joni, potumiza ndalama za simenti chaka chino onjezanipo za mbande, nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala.