Kuthamanga sikufika

Mu Okutobala kuno ku Chadiza dzuwa limaswa mtengo, ndipo misewu ya m'madera a mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala simachedwa kukwera chitunda. Ikani achinyamata pa mpikisano wothamanga nyengo imeneyi, mudzaona okha tanthauzo la mwambi wakuti kuthamanga sikufika.

Mluzu ukangolira, pamakhala mnyamata amene amaliyatsa liwiro kuti anthu amuombere m'manja. Chitunda choyamba amachikwera modzionetsera. Pachiwiri miyendo yalemera, kukhosi kwauma, thukuta lamutha madzi m'thupi, ndipo uyo wakhala pansi pa mtengo wa mango akupumira m'mwamba. Amene anayamba mofatsa, akufupikitsa mapazi pokwera ndi kumwa madzi ludzu lisanamupweteke, amamudutsa osacheuka n'komwe.

Akuluakulu sananene kuti liwiro n'loipa ayi. Muzala Samukonga anabweretsera Zambia mendulo ya bronze ku Paris mu 2024 pa mamita 400, pomwe munthu sasunga mphamvu yambiri. Koma ulendo wautali uli ndi malamulo ake. Mpikisano wa Comrades ku South Africa, umene unayamba mu 1921 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, umapereka maola 12, ndipo m'chaka chimene amathamanga mokwera mtunda kulowera ku Pietermaritzburg, chitunda cha Polly Shortts chimadikira othamanga chakumapeto, atatheratu.

Inu aphunzitsi ndi okonza mipikisano, yambitsani liwiro m'mamawa dzuwa lisanakwere, ikani madzi m'njira, ndipo anawo muwazoloweretse zitunda tsikulo lisanafike.