Fumbi likalowa m'mapapo: mfundo zofunika kuzilingalira

Kumunsi kwa Neno, madera monga a ku Midzemba, mwezi wa Okutobala kumatentha moti khanda limatuluka tiziphuphu ta thukuta m'khosi ndi m'khwapa. Mayi amathamangira ku golosale kukagula paudala. Tiyambire pomwepo.

1. Chikondi chimafunikanso kudziwa. Paudala wambiri amapangidwa kuchokera ku mwala wofewa wotchedwa talc, umene amaugaya mpaka usalale kuposa ufa woyera. Mayi akamakutumulira botolo pa mwana amene wagona chagada, fumbi loyera limaima pamphuno pa mwanayo, iye n'kumalikokera m'kati. Njira za mpweya za khanda n'zazing'ono kwambiri. Mwana wokwawa akagwira botolo n'kulikhuthulira kumaso, angathe kubanika mpaka kugonekedwa m'chipatala. Anthu amene akumba kapena kugaya mwalawu zaka zambiri amadwala talcosis: mapapo amachita zipsera, amauma, mpweya n'kumavuta. Kampani ya Johnson & Johnson, itapanikizidwa ndi milandu yambirimbiri ku America, inasiya kugulitsa paudala wa ana wa talc padziko lonse mu 2023. Ngati simungathe kusiya paudala, thirani pang'ono m'manja mwanu muli patali, kenako mupake. Koma kusambitsa mwana ndi kumupukuta bwino m'makwinya n'kokwanira.

2. Ndalama ya lero isatiiwalitse thupi la mawa. Agogo athu anaphunzira zimenezi mowawa. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi. Ndege itagwa ku Francistown, ku Botswana, mu Epulo 1974, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu Banda analetsa ulendo wa ku Joni, ndipo unadzayambiranso mu 1977, nthawi ya bungwe la Theba. Imfa za pa ndegezo dziko lonse linazimva. Koma za amene anabwera bwinobwino, ndi njinga, wailesi, bulangete ndi sutukesi yachitsulo, n'kuyamba kutsokomola patapita zaka khumi kapena makumi awiri, panalibe amene analengeza pa wailesi. Mwala wokhala ndi golide uli ndi silica wambiri, ndipo fumbi lake loopsa ndi lija maso salionako. Likakhazikika m'mapapo silituluka. Bambo amene ankanyamula thumba la chimanga yekha amafika popumira kawiri popita kuchimbudzi.

3. Tisamafulumire kuloza chala. Munthu akamawonda, kutsokomola osasiya, mankhwala osamugwira, m'mudzi mumayamba manong'onong'o: amulodza chifukwa cha nyumba ya malata ija. Mabanja adana, nkhalamba zosalakwa zanyozedwa, pamene wolakwa anali fumbi la ku Carletonville kapena ku Welkom.

4. Kuchipatala muzinena ntchito imene munkagwira, ngakhale sanakufunseni. Apa m'pamene ambiri timaphonya. Zizindikiro za silicosis, matenda obwera ndi fumbi la silica, zimafanana ndi za chifuwa chachikulu (TB), komanso mapapo owonongeka ndi fumbi amagwidwa TB mosavuta, kotero munthu angathe kukhala ndi zonse ziwiri. TB imachizika ndi mankhwala a miyezi 6, zipsera za fumbi ayi. Wodwala akamaliza mankhwala koma befu osatha, asangoti basi ndi ukalamba. Anene kuti, "Adokotala, ine ndinagwira mumgodi zaka zakutizakuti," kapena kuti akhala akuphwanya miyala, kuti amuunikenso makhololo ndi kumujambula m'chifuwa. Ku Neno kuli chipatala cha boma, kuli cha Lisungwi, ndipo bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali kuyambira mu 2007. Safunsa anadya phula, koma wosanena nayenso amabwerera ndi mankhwala a matenda ena.

5. Pepala lakale musayatsire moto. Mu 2019 khothi lalikulu ku Johannesburg linavomereza mgwirizano woti makampani asanu ndi limodzi a golide, kuphatikizapo Anglo American, Harmony ndi Gold Fields, apereke chipukuta misozi cha ma rand 5 biliyoni kwa odwala silicosis ndi TB amene anagwira m'migodi yawo pakati pa 1965 ndi 2019, kapena kwa amasiye awo. Ndalamazo zimadutsa ku Tshiamiso Trust. Kunena zoona, zabwera mochedwa, ambiri ali kale m'manda. Komabe chofunika poyamba ndi umboni: chiphaso cha Wenela kapena Theba, nambala ya ku mgodi, buku la kuchipatala. Wina akabwera kufuna ndalama kuti "akuyendetsereni mafomu," chenjerani naye, pakuti kulembetsa ku bungweli n'kwaulere.

6. Fumbi si la ku Joni kokha. Lili m'mphepete mwa msewu wa ku Zalewa, pamene mayi akuswa miyala ndi hamala mwana ali kumbuyo. Lili kwa anyamata osaka golide m'chigwa cha Lisungwi amene amasinja miyala youma mumtondo wachitsulo. Chitenje chomanga kukamwa chimatchinga zinyalala zazikulu, fumbi losalala limadutsa. Chothandiza kwenikweni ndi madzi: kunyowetsa mwala musanaswe, kuwaza pansi musanasese, kukhala mbali imene mphepo ikuchokera. Mwana amutsitse kumsana, akasewere pamthunzi patali ndi mulu. Ndipo wogula miyala amene amanenerera mtengo wa wilibala mpaka mayi uja alephere kugula chidebe cha madzi owazira, nayenso ali ndi gawo pa chifuwa chimenecho.