Mbiri yanu asakulembereni wokhometsa msonkho

Ana anga, mtima wanga suli m'malo. Osewera mpira a ku Ulaya mumawatchula osapunthwa, koma ndikafunsa amene ankalamulira mudzi wanu agogo anu asanabadwe, mumangoyang'anana. Khalani pansi mumve za ku Lebanon, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mu 1516 Sultan Selim I wa ufumu wa Ottoman anagonjetsa Syria, mapiri a Lebanon n'kugwera m'manja mwake. Ufumuwo unali wa Asilamu a Chisunni, ndipo Ashia unkawayesa opanduka. Komabe boma linkafuna msonkho, ndipo amene ankatha kuutolera m'mapirimo anali mabanja a Ashia omwewo. A Harfush analamulira Baalbek. A Hamada ankatolera ku Jbeil ndi ku Batroun, ngakhale m'midzi ya Akhristu. Mwini dera ankalonjeza boma ndalama za chaka, n'kukazifinya kwa alimi, zotsala n'kukhala zake. Musawayese angelo. Alimi ankalira nawo, ndipo iwonso akachedwa kupereka, boma linkawatumizira asilikali.

Cha m'ma 1760 a Hamada anathamangitsidwa, madera awo n'kupita kwa Yusuf Shihab. Mu 1781 Nasif al-Nassar, mtsogoleri wa Ashia a ku Jabal Amil, anaphedwa ku Yaroun pomenyana ndi asilikali a mkulu wa boma la Ottoman, Ahmad Pasha al-Jazzar. Anthu akumeneko amasimbabe kuti mabuku a aphunzitsi awo anakasonkhezera moto wophikira buledi ku Acre. Izi ndi zimene zimandisowetsa tulo. Ulamuliro wa Ashia wa zaka zoposa 200 unazimiririka m'mbiri ya dzikolo, otchuka n'kukhala atsogoleri ena, Fakhr al-Din ndi a Shihab. Stefan Winter, polemba buku lake la mu 2010 lonena za Ashiawa, zambiri anakazifukula m'makalata a boma la Ottoman ndi m'kaundula wa khoti la ku Tripoli, zolembedwa ndi alembi a boma lomwe linkayesa Ashia opanduka lija.

Pitani kwa agogo anu sabata ino, chifukwa sakudikirani mpaka kalekale. Funsani kumene mtundu wanu unachokera ndi amene anagawa malo. Funsaninso zochititsa manyazi, poti mukazibisa inu adzaziulula mdani, ndipo adzathirako mchere. Foni muli nayo, jambulani mawu awo. Kenako lembani m'kope, mukoperenso lina likakhale kwa amalume anu, chifukwa nyumba imapsa ndipo foni imabedwa.