Funsa kaye kumene thabwa lachokera

Mdzukulu wanga,

Amayi ako andiuza kuti wapeza kashopu ku Leeds, ndipo ukufuna kumaitanitsa mipando ndi matebulo zopanga pamanja kuchokera kuno kumudzi. Ndakondwa. Oluka mipando ya nsungwi ku Blantyre ndi osema a ku Senga Bay adyerapo. Koma ine ndagwira sowo ndi nsompho zaka zoposa 40, ndiye tchera khutu.

Ndikuphunzira ntchito, mlombwa tinkaugula pafupi, thabwa lake lotambalala moti awiri okha ankakwana tebulo. Lero ocheka amabwera nalo usiku, lopapatiza, theka lonse loyera chifukwa mtengo adaugwetsa mtima usanakhwime. Ukafunsa kumene lachokera amangoloza ndi mlomo cha ku Mozambique. Tidaimaliza ndife mitengo imeneyi, ndipo ine ndili momwemo. Ndinkafunsa mtengo wa thabwa, kwawo kwa thabwalo ayi.

Mkungudza wa ku Mulanje ndiwo umandisowetsa tulo. Tinkapangira timabokosi tonunkhira togulitsa alendo, osaganiza kuti ungathe. Mu 2017 ofufuza adayendera phirilo napeza mitengo yokhwima 7 yokha. Mu 2019 dziko lathu lidapempha lokha kuti mkungudza ndi mukula zilowe m'ndandanda wa pangano la CITES, ndipo mu 2022 ku Panama adawonjezamo mlombwa, mbawa ndi msambamfumu. Phingo adalowamo kale mu 2017. Sikuti adaletseratu malonda, koma matabwa ake sadutsa m'malire opanda chikalata, ndipo kwa phingo lamuloli limagwira ngakhale zosema zomalizidwa zikachuluka. Munthu akakuuza kuti mapepala awona yekha pachipata, usamupatse ndalama yako. Uone ndi maso ako chilolezo cha ku Dipatimenti ya Zankhalango, udziwenso mudzi kapena munda umene mtengowo udadulidwa.

Komanso ndani adati mpando wabwino ndi wa mlombwa wokha? Malaina amasemeka bwino ndipo amakula mwana asanamalize pulayimale. Bulugamu ndiye mafupa a mipando yoluka ija. Nsungwi ukadula chaka chino zimaphukiranso. Mango wokalamba amene wasiya kubala ali ndi thabwa lokongola, zitseko za nyumba zakale nazonso zilipo. Chokhacho, usalole anyamata kupaka malaina polishi wakuda wa nsapato n'kumati ndi phingo. Wogula umuuze dzina lenileni la mtengo.

Tsopano nkhani imene achinyamata mumaithamangira: kuumitsa. Nyumba za kumeneko amazitenthetsa miyezi yonse yozizira, mpweya wake ndi wouma. Tebulo la thabwa laliwisi likalowamo, pofika mwezi wachitatu lang'aluka pakati, miyendo ikugwedera. Mwini wake alitaya, iwe um'tumizira lina, ndiye kuti mitengo iwiri yagwa chifukwa cha tebulo limodzi. Matabwa aziyalidwa pamthunzi, timitengo pakati kuti mphepo izipita, ndipo thabwa lokhuthala inchi imodzi ulipatse chaka. Gulira amisiri ako kachipangizo koyezera chinyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpando uyenera kukhala zaka zoposa zimene mtengo wake udatenga pokula, apo ayi tangowononga.

Za ulendo sindichulutsa. Ndege imatentha mafuta ochuluka kwambiri pa katundu yemweyo kuyerekeza ndi sitima yapamadzi, choncho dikira kontena idzaze, idzere ku Beira kapena ku Nacala. Mpando wa mfumu ndi matabwa awiri olowetsana, umagona chafulati. Matebulo nawo apange omasula miyendo, usamalipire kunyamula mphepo. Kulunga ndi makatoni akale m'malo mwa mapulasitiki. Mapaleti ukasankhe owotcha pa madigiri 56 kwa mphindi 30, osati ofukiza methyl bromide, mankhwala owononga mlengalenga.

China chimene sadzakuuza wina aliyense ndi ichi. Ukamanenerera mtengo mpaka mmisiri kutsala ndi ya sopo yokha, iye asema mipando khumi pamene akadasema itatu, ndipo nkhalango ndiyo ilipira. Mlipire bwino, upange zochepa zolimba.

Ndamvanso kuti ukufuna kulemba pashopu kuti mpando uliwonse ukubzala mtengo. Kubzala n'kosavuta, chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timabzala, makamera ali pompo, kenaka mbuzi ndi moto wolusa zimalizitsa. Ndalama yako ipite kwa amene adzalambule ndi kulondera zaka zitatu zoyamba, ndi kwa mudzi umene ukusamala zitsa kuti ziphukire.

Usanatumize oda yoyamba, bwera Disembala uno. Ndikakuonetse phiri limene ndinkagulako mlombwa uja. Utenge chipewa, kulibe mthunzi.

Ndine agogo ako.