Kodi Mkristu Amaleka Kuyamwa?

Mwana akabadwa amalandira zonse kwa amai ake. Akasinkhuka amamletsa kuyamwa; pambuyo pake amachoka m'nyumba ya makolo nakagona ku gowelo; tsiku lina amakwatira, nalima munda wake, namanga nkhokwe yake, ndipo akulu amanena kuti uyu tsopano wakula. Pa moyo wa thupi, kukula ndiko kuleka kudalira ena. Kodi pa moyo wa mzimu zili chimodzimodzi?

Akristu ambiri amayankha kuti inde, ngakhale sanena ndi pakamwa. Mudzamuona munthu amene adabatizidwa kalekale, wa mbiri yabwino, wosaledzera, wosatenga mitala, koma ku Sakramenti la Kulapa amapita kamodzi pa chaka, ndiponso mokokedwa. Mumtima mwake amati: za unyamata ndidazisiya, nanga ndikalape chiyani? Iye amayesa chaulere cha Mulungu ngati bere, chakudya cha makanda.

Maganizo amenewa si a lero. Cha m'ma 400 ku Roma kudali munthu wa ku Britain dzina lake Pelagius, wodziletsa kwambiri. Tisafulumire kumnyoza: iye adaona akristu aulesi amene ankachimwa mwadala nanamizira kufooka kwa thupi, ndipo zidamnyansa, monga zitinyansa ifenso. Koma mankhwala ake adaposa nthenda. Adaphunzitsa kuti tchimo la Adamu silidatipundule ai, lidangotisiyira chitsanzo choipa. Ndi kuti munthu, akangofuna, angathe kusunga malamulo onse ndi mphamvu zimene adabadwa nazo.

Adamtsutsa ndi Augustino Woyera, Episkopi wa ku Hippo, kumpoto kwa Afrika, m'dziko limene lero litchedwa Algeria. Augustino sadaphunzire nkhaniyi m'mabuku mokha. Zaka zambiri adafuna kusiya zachiwerewere nalephera, kufikira Mulungu adamgwira dzanja, nabatizidwa mu 387 ali ndi zaka 32. Adadziwa kuti ngakhale kufuna kwathu kwa zabwino kuli kodwala, kusowa sing'anga. Mu 418 Aepiskopi adasonkhana ku Carthage nakana chiphunzitso cha Pelagius. Adati chaulere sichingopeputsa ntchito imene tikadaitha tokha; popanda icho sitingaithe konse. Adaonjeza mau ena amene ndifuna muwasunge: kuti ngakhale anthu oyera mtima, popempha chikhululukiro m'pemphero la Atate Athu, sachita mwa ulemu chabe, kapena kupempherera anzao okha, koma amanena zoona za iwo eni.

Tsono fanizo la bere silikwana. Yang'anani mtengo wa mango. Ukali mbande, chikho chimodzi cha madzi chiukwanira. Ukakula, mizu yake imazama kufuna madzi ochuluka, popeza nthambi zachuluka ndi zipatso zalemera. Mkristu wa zaka zambiri ali ndi banja, ana, mwina mpingo wonse wotsamira pa iye, ndipo mayesero ake sakhalanso a phokoso ngati a mnyamata: kudzitama, kusunga mangawa, kuuma mtima popemphera. Amenewa amadya munthu ngati chiswe, kunja kuli gwa. Petro Woyera sadakane Ambuye tsiku loyamba pa nyanja paja, koma atayenda nao nthawi yaitali, usiku womwe adalonjeza kuti iye yekha sadzawasiya.

Wina angati: ngati zonse zichokera kwa Mulungu, tingokhala pansi. Iai. Mlimi sagwetsa mvula, komabe amasosa ndi kugalauza mvula isanabwere.

Inu aphunzitsi a Mulungu, ngozi imeneyi ili pafupi ndi inu, ndi ife ansembe. Katekisimu mumaidziwa pamtima, mapemphero mumatsogolera Lamulungu lililonse kumene wansembe safika, ndipo nkwapafupi kuyesa kuti kunena za Mulungu ndiko kulankhula naye. Wansembe akabwera kudzamva Kulapa pa sukulu panu, mumandandika anthu ndi kutontholetsa ana. Musangoima pakhomo kuwerenga amene alowa; lowani nanunso pa mzere, akatekumeni anu akuoneni mutagwada.