Njanji idutse, koma m'munda mwa yani?

Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita kudoko la Nacala imalowa m'Malawi cha ku Chikwawa, n'kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya ku Balaka. Idamangidwa ndi kampani ya ku Brazil ya Vale itagwirizana ndi boma mu 2011. Malume ndi mphwawo sagwirizana pa za minda yomwe ntchito zotere zimadya.

MPHWAWO: Amalume, munthu amene sanatsatse munda wake, wina n'kuutchulira mtengo, ameneyo walandidwa. Chipukuta misozi sichisintha zimenezo.

MALUME: Mphwanga, kulanda sunakuone iwe. Pansi pa lamulo la Forfeiture Act la 1966, nduna inkangolengeza dzina lako, nyumba ndi sitolo zapita, kokadandaula kulibe. Lero ndime 44 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imalola boma kutenga katundu wa munthu pokhapokha ntchitoyo ili yopindulira anthu onse, mwini wake wadziwitsidwa nthawi ikadalipo, ndipo walipidwa moyenera. Akapanda kukhutira, khomo la khoti n'lotsekula.

MPHWAWO: Yopindulira anthu onse? Malasha ndi a ku Mozambique, ogula ali kutsidya kwa nyanja. Mayi wa ku Neno amangowerenga mabogi akudutsa.

MALUME: Doko lomwelo limatilandiriranso feteleza ndi mafuta. Dziko lopanda doko lake silikana njanji. Nanga ukadati munthu mmodzi akakana ntchito iime, msewu wa M1 ukadafika ku Karonga?

MPHWAWO: Za kukana ndazisiya, ndagonja. Tiyeni ku ndondomekoyo. Nduna imalengeza mu Gazette kuti boma likufuna malo akutiakuti. Inu munaionapo Gazette pamudzi pano? Anthu amadziwira pa zikhomo zomwe oyeza malo akhoma pakati pa nandolo. Kenako kumabwera owerengera ndi mapepala awo: mitengo ya mango ingati, nthochi mapando angati, nyumba ya njerwa zootcha kapena zosaotcha, yofolera udzu kapena malata. Gogo wosadziwa kuwerenga amadinda chala pa chiwerengero chomwe sanachione, poopa kuti akachuluka mafunso dzina lake lichoka pamndandanda. Mango aja amamudyetsa chaka ndi chaka mu Disembala, nkhokwe itauma. Papepala ndi mtengo umodzi, wolipidwa kamodzi.

MALUME: Pamenepo wanena zoona, ndipo kale zinkaposa apa. Pa malo a mafumu ankalipira mbewu, mitengo ndi nyumba, nthaka yeniyeniyo ayi. Malamulo a za malo a 2016 adabwera kudzakonza zotere: kutaya malo kumawerengeredwa, ndalama zosamukira nazonso. Ngati akuchita ukamberembere ndi anthu ogwira ntchito, dzudzula iwowo. Lamulo lalakwanji?

MPHWAWO: Lalakwa poganiza kuti mlimi ndi boma akhala pamphasa imodzi. Loya wa boma amalipidwa ndi misonkho yathu. Mlimi kuti afike ku High Court ku Blantyre agulitse mbuzi, mlandu ukuyenda zaka, kwacha ikugwa, njanji idatha kale. Bwanji boma lisamamulipirire wowerengera wakewake, ndipo thirakitala isalowe ndalama zisanafike m'manja?

MALUME: Zolipira asanalowe ndikuvomera. Koma zowerengera kawirizo ziitana akathyali. Ikangomveka mphekesera ya msewu, usiku umodzi m'tchire mumamera tizisakasa, aliyense akuti n'kwawo. Olipira zimenezo ndi iwe ndi ine.

MPHWAWO: Tsiku loyamba kalembera limathetsa zimenezo, chomangidwa pambuyo pake sichilipidwa. Funso langa lenileni nali, Amalume, poti ndinu mwini mbumba. Kuno munda ndi wa mkazi, mwamuna ndi mkamwini. Owerengera akafunsa mutu wa banja, amalemba dzina la yani?

MALUME: La mwamuna, kawirikawiri.

MPHWAWO: Ndiye banja likatha, ndalama zapita ndi mkamwini, mlongo wanu watsala wopanda munda. Akasumire yani?

MALUME: Asumire ine. Tsiku la kalemberalo ndimayenera kuima pambali pake.

MPHWAWO: Nanga amene malume wake ali ku Joni?